Musanasoke suti, yambani mwasoka khushoni

Mlongo wanga wamng'ono atalemba mayeso a Fomu 4 n'kuona kuti mapointsi ake sangamufikitse kulikonse, mayi athu sanataye nthawi ndi kudandaula. Anakakongola ndalama ku banki m'khonde, nagula makina osokera a Butterfly ogwirapo kale ntchito, ndipo ndalama yotsala anakapereka kwa telala wina wa m'tauni muno kuti mwana aphunzire kusoka. Pangano linali la miyezi 6. M'mawa wa tsiku loyamba mayi anamuperekeza mpaka pamsewu uku akumuuza kuti, "Mwananga, ntchito ya manja sigonetsa munthu ndi njala. Ukalimbikire."

Miyezi 6 itakwana, azakhali athu pofuna kumulimbikitsa anabwera ndi nsalu yawo ya mamita 4 imene anagula pokonzekera ukwati wina, nati awasokere diresi. Mtsikana anawayeza ndi tepi apa ndi apo monga momwe ankaonera abwana ake akuchitira, anayala nsalu pamphasa, najambula ndi choko, n'kudula. Chimene chinatuluka pamenepo, abale anga, n'chovuta kuchitchula dzina. Mkono wina unatalika kuposa unzake, pachifuwa sipankalowa, ndipo maluwa a pansaluyo kutsogolo ankayang'ana kumwamba pamene kumbuyo anali chadodolido. Azakhali sanakalipe. Anangoti, "Palibe kanthu mwana wanga, ndi mmene timaphunzirira," koma tonse tinadziwa kuti ndalama yalowa m'madzi. Usiku umenewo mlongo wanga analira, nalumbira kuti makinawo sadzawakhudzanso.

Nditamufunsa bwinobwino zimene wakhala akuchita miyezi yonseyi, yankho lake ndi limene landichititsa kuti ndilembe nkhani ino.

"Achimwene," anatero, "ine sizasi sindinaigwirepo pansalu olo tsiku limodzi. Ntchito yanga inali kusokerera mabatani, kupinda mipendero, kukoleza makala a m'simbi, kusesa ndi kukagula chipisi masana. Podula ankadula okha, ndipo kawirikawiri ankayamba andituma kaye."

Ndikudziwa kuti nkhaniyi si ya banja lathu lokha. Tayendani m'makonde a masitolo a ku Limbe, ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Zolozolo, mukapeza anyamata ndi atsikana atakhala pambali pa makina, makolo awo atalipira fizi, koma miyezi ikungodutsa iwo akusokerera mabatani. Maganizo anga ndi akuti kuno kwathu luso loyeza ndi kudula nsalu talisandutsa chinsinsi chosungidwa m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo wophunzira amangodikira kuti mwina tsiku lina chinsinsicho chidzamugwera ngati mango. Njira yothetsera zimenezi ilipo, ndipo ili m'zinthu ziwiri zimene anthu amazinyoza: khushoni ndi pepala la patani.

Ndisanafike pamenepo, ndiyambe ndanena mbali ya telala uja, chifukwa mlandu sagamula pomva mbali imodzi. Ndinapita kukamuona, osati ndi ndewu ayi, koma kukangofunsa.

"Madala," ndinatero, "mwanayu miyezi 6 yathunthu osamuonetsako kadulidwe, zatani?"

Mkuluyo anavula magalasi, naseka. "Mphwanga, ine ndinakhala zaka 3 ndikusokerera mabatani ndisanagwire sizasi. Kudula saphunzitsa, kumalowa kokha m'maso. Ndiponso ndikamuonetsa zonse lero, mawa atsegula yake pakhonde lomwe lino. Ine ndidya chiyani?"

Mawu amenewa sindikuwanyoza. Telala wa pakhonde ndi katswiri ndithu. Munthu woti akakuyang'ana kamodzi, n'kukuzunguliza tepi kawiri, akudulira buluku lokukwana bwino popanda pepala lililonse, ameneyo ndi woyenera kumuvulira chipewa. Mantha akenso ali ndi maziko. Kale, pamene fakitale ya David Whitehead and Sons, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, inkadzaza masitolo ndi nsalu zopangidwa konkuno, munthu akafuna malaya ankagula nsalu n'kupita kwa telala. Kaunjika atasefukira m'misika yathu m'zaka za m'ma 1990, ntchito yambiri inathawa. Zimene zinatsala ndi mayunifolomu a sukulu, zovala za maukwati ndi za kutchalitchi, ndi kuchepetsa mathalauza a pakaunjika pomwepo. Mphika ukachepa, aliyense amasunga chipande chake.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene sindingagwirizane nazo. Choyamba, ngati luso lako sungathe kapena sufuna kulipereka, usalandire fizi. Kulandira ndalama ya mayi wogulitsa tomato n'kumusandutsa mwana wake wantchito waulere, kumeneko ndi kuba kovala tayi. Chachiwiri, diso limadziwa zokhazo zimene linaonapo. Lamulo la kavalidwe la mu 1973, limene linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, litathetsedwa mu 1993, kodi diso limene linazolowera madiresi ataliatali kwa zaka 20 likanadziwa bwanji msangamsanga kadulidwe ka thalauza la mzimayi? Lero makasitomala akubwera ndi chithunzi cha pafoni n'kunena kuti "ndikufuna ngati ichi." Mawa abwera ndi china. Diso lokha silingathamange liwiro limeneli, ndipo mwini diso akamwalira, luso lonse limalowa naye m'manda.

Tsono tibwere ku khushoni. Ndikamauza achinyamata kuti ayambire pamenepa, ambiri amakwinya nkhope. Iwo akufuna suti, akufuna diresi la mkwatibwi, chifukwa ndi zimene zimaoneka pa Facebook. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Khushoni ndi tinsalu tiwiri ta ngodya zinayi tosokedwa pamodzi basi, koma m'kati mwa ntchito yochepayi muli pafupifupi maphunziro onse amene munthu adzawafune mpaka kukalamba.

Usanadule n'komwe, khushoni likuphunzitsa kuti nsalu ya thonje imayamba yachapidwa ndi kusitidwa, chifukwa ikalowa m'madzi koyamba imafupika. Ukasoka usanachape, tsiku lochapa ndi tsiku lomwe kasitomala adzabwere ndi mkwiyo. Likuphunzitsanso kuti nsalu ili ndi njira yake. Ulusi wina umayenda m'litali motsata mphepete yolimba ija, muja mumalembedwa dzina la kampani, wina umadutsa chopingasa. Ukakoka nsalu m'litali sitamuka, koma ukaikoka chopendekera, kuchokera pangodya kupita pangodya inzake, imatamuka ngati legeni. Wodula mosasamala njira imeneyi amadabwa chovala chikupotoka chokha pathupi la munthu.

Kenako pali phunziro limene linagwetsa mlongo wanga: msoko umadya nsalu. Ngati ukufuna khushoni la masentimita 40 mbali zonse, sudula 40 ayi. Umawonjezera sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse, ndiye kuti udula 43. Kuiwala kachinthu kameneka pakhushoni kumangolichepetsa pang'ono, koma kuiwala pa diresi la misoko inayi ndi kumene kumachititsa kuti azakhali alephere kupuma.

Ukakhala pamakina, khushoni likuphunzitsa phazi. Makina opalasa ali ndi khalidwe lakuti ukangoyamba molakwika gudumu limabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka kapena kupiringizana. Likuphunzitsa kuyang'anitsa kumaso kwa nsalu ziwirizo m'kati usanasoke, kuyendetsa mzere wowongoka osakoka nsalu ndi manja, ndi kumanga msoko poyambira ndi pothera kuti usamasuke. Ukafika pangodya, umasiya singano ili m'nsalu, n'kukweza kaphazi ka makina, n'kutembenuza nsalu, n'kupitiriza. Ukatha umadula nsonga za ngodyazo pang'ono, osakhudza ulusi, kuti potembenuza zituluke zosongoka. Ukaona ulusi wachita mfundomfundo kunsi kwa nsalu, usathamangire kumasula bobini, chifukwa kawirikawiri wolakwa amakhala ulusi wa pamwamba umene sunadutse bwino m'njira zake. Umaphunziranso kuti singano ya nambala 14 imayenda bwino pachitenje, koma nsalu yokhuthala ya mipando imafuna nambala 16. Ukazolowera, umayesa kuika zipi, ndipo amene waika zipi yowongoka pakhushoni saopanso zipi ya siketi.

Ubwino waukulu wa khushoni ndi wakuti silinama ndiponso silikwiya. Msoko ukakhota, aliyense amaona. Koma ukalakwitsa, wataya nsalu yosafika ndi theka la mita lomwe, ndipo palibe munthu amene walephera kupita ku ukwati chifukwa cha iwe. Umasula ndi lezala, n'kuyambiranso.

Inu anzanga a geni, amene mumawerenga tsamba lino muli pabenchi kudikira makasitomala, tamvani masamu awa, chifukwa ndi anu. Tengani chitenje cha mamita 2 m'litali ndi masentimita 115 m'lifupi. Mukafuna makhushoni a masentimita 40, chidutswa chilichonse ndi 43. M'lifupi mulowa ziwiri, m'litali zinayi, zonse pamodzi 8, ndiye kuti makhushoni 4, ndipo nsalu yambiri yatsala m'mphepete. Tsopano chepetsani khushonilo likhale la masentimita 35. Chidutswa ndi 38. M'lifupi mulowa zitatu, m'litali zisanu, zonse pamodzi 15, ndiye kuti makhushoni 7 ndi chidutswa chimodzi chapadera. Chitenje chomwecho, mtengo woodera womwewo, koma wina watulutsa 4, wina 7. Kusiyana kwa anthu awiriwa si mphamvu kapena mwayi. Wina anayamba wakhala pansi ndi pensulo asanagwire sizasi.

Masamu otere masiku ano si nkhani yamasewera. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, mazipi, singano ndi nsalu zochokera kunja zonse zinakwera mtengo. Sentimita iliyonse yogwera pansi pa tebulo ndi ndalama. Ndipo pogula nsalu muzifunsa ngati akukuyezerani mita kapena yadi, chifukwa yadi ndi masentimita 91 okha. Wolipira mamita 4 n'kulandira mayadi 4 waberedwa masentimita opitirira 30, nsalu yokwana mkono wa bulauzi. Tepi nayonso ili ndi nkhope ziwiri, ina ya mainchesi ina ya masentimita, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Matelala athu ambiri amayeza m'mainchesi. Wophunzira amene wayeza ndi nkhope ina n'kudula ndi inzake asadzanene kuti amulodza.

Munthu akadutsa pakhushoni, sitepe yotsatira ndi patani. Kwa amene sanaionepo, patani ndi mapepala odulidwa m'maonekedwe a zidutswa za chovala: kutsogolo, kumbuyo, mkono, kolala. Umayala pepalalo pansalu, n'kuligwiriza ndi mapini, n'kudula motsatira. Ena amati zimenezi ndi za azungu kapena za anthu olemera. Mbiri yake ikutsutsa. Amene anayamba kugulitsa mapatani a masayizi osiyanasiyana anali telala ngati athu omwewa, Ebenezer Butterick wa ku Massachusetts m'dziko la America, mu 1863. Anayamba ndi zovala za anyamata ndi abambo, kenako za amayi, ndipo ankazisindikiza papepala lopyapyala kuti zithe kupindidwa ndi kutumizidwa pa positi. Ogula ake anali amayi osoka pakhomo amene analibe ndalama yopita kwa telala. Ku Germany, mayi wina dzina lake Aenne Burda anayambitsa magazini ya mafashoni mu 1950, dzikolo lidakali m'mavuto a pambuyo pa nkhondo, ndipo kuyambira mu 1952 ankaikamo pepala la mapatani kuti mzimayi wosakwanitsa kugula diresi la m'sitolo adzisokere yekha. Mwaonatu, patani inabadwira anthu osauka. Ntchito yake ndi kutenga luso limene lili m'mutu mwa katswiri n'kuliika papepala, kuti wina amene sanakumanepo naye athe kuligwiritsa ntchito.

Patani ili ndi chilankhulo chake, ndipo n'chachifupi kuposa alifabeti. Muvi wautali wojambulidwa pakati umatanthauza kuti pepalalo ligone motsata litali la nsalu. Mbali yolembedwa kuti iikidwe popinda, imeneyo sudula, chifukwa ukatambasula chidutswacho chimatuluka chathunthu, kumanja ndi kumanzere zofanana. Timano tating'ono ta m'mphepete ndi zizindikiro zoonetsa pamene chidutswa china chikumanire ndi chinzake, makamaka pamkono, pamene ambiri amasokoneza kutsogolo ndi kumbuyo. Mizere iwiri yokumana pansonga ndi dati, kamsoko kopinda kamene kamachititsa nsalu yafulati kuzungulira chifuwa kapena chiuno. Nsalu ya maluwa oyang'ana mbali imodzi, ngati ya azakhali ija, imafuna kuti zidutswa zonse zigone mitu kumodzi. Zonsezi munthu angaziphunzire masana amodzi.

Misampha iliponso. Nambala ya sayizi ya papatani sifanana ndi nambala ya pachovala cha m'sitolo, choncho umayeza munthuyo pachifuwa, m'chiuno ndi pambina, n'kusankha molingana ndi tebulo la miyeso. Mapatani ambiri a ku America amakhala atawonjezeramo kale sentimita imodzi ndi theka ya msoko, pamene a m'magazini ya Burda umawonjezera wekha. Osawerenga malangizo amadula diresi la mwana akuganiza kuti ndi la mayi. Safunsa anadya phula. Ndipo inu ophunzira amene mumatenga mapatani pa intaneti, mukapita kokapulintitsa muwauze kuti asachepetse kapena kukulitsa tsamba, litulutsidwe pa 100 peresenti. Nthawi zambiri pamakhala kabokosi koyesera. Kayezeni ndi rula musanalipire masamba onse.

Ndikumva kale wina akuti, "Aaa, akuluwa akulota. Patani ya m'envelopu tiigula kuti, ndi ndalama ziti? Nanga matupi athu ndi ofanana ndi a anthu amene anayezedwa kunjako?" Funso ndi labwino. Zoonadi, patani yogula siingakwane aliyense popanda kuisintha, ndipo amayi ambiri kuno amapeza kuti ikakwana m'chiuno imathina pambina. Koma yankho lake lili pafupi, pamulu womwe uja umene unalanda matelala ntchito. Kaunjika ndi laibulale. Pitani madzulo pamene mitengo yatsika, sankhani siketi kapena shati yosokedwa bwino ngakhale ikhale yothimbirira, muimasule msoko uliwonse ndi lezala mosamala, musite zidutswazo, muziyale papepala n'kujambula mozungulira. Pachidutswa chilichonse lembani dzina lake, muvi wa litali la nsalu, ndi kuchuluka kwa zidutswa zofunika kudula. Mwapeza patani yojambulidwa ndi katswiri wa kufakitale, pamtengo wa mbale ya chipisi. Musanakhudze nsalu ya kasitomala, yesani kaye pa shiti yakale ya pabedi, mumuveke munthuyo, muone pothina ndi pokhwepa, mukonze papepala. Pepala lokonzedwalo lembanipo dzina la mwini wake n'kusunga. Akadzabweranso chaka chamawa, theka la ntchito latha kale.

Pano ndiyenera kuulula tchimo langa, chifukwa ophunzira anzanga amene mukuwerenga muli pamene ine ndinali. Ndinalowako ku yunivesite, koma ndinatulukira pawindo m'chaka chachiwiri fizi itavuta. Kwa zaka zingapo ndinkayenda ndi envelopu ya khaki m'maofesi, ndikudziona ngati bwana amene wangochedwa kulandira mpando wake. Telala ndinkamuona ngati munthu amene sukulu inamukana. Mayi atagula makina aja, mumtima ndinati mlongo wanga watsika. Koma tsiku limene tinakhala pansi awiri kuti tione chimene chinalakwika pa diresi la azakhali, ndinazindikira kuti mafulakishoni, ngodya ndi maresho amene ndinkalemba pamayeso n'kuiwala, malo ake ogwirira ntchito ndi amenewa. Kugawa muyeso wa chiuno panayi, kuwonjezera malo opumira, kupeza ngodya yowongoka popinda pepala, onsewa ndi masamu a kusekondale. Ndinazindikiranso kuti ine ndi sukulu yanga yonse sindinkatha kulowetsa ulusi m'makina. Iye anali ndi phazi ndi manja, ine ndinali ndi pensulo. Mutu umodzi susenza denga.

Tinapempha azakhali kuti atipatse diresi lowonongeka lija. Tinalimasula, ndipo m'zidutswa zake ndi momwe munatuluka makhushoni oyamba. Loyamba linali ngati mtanda wa nsima wogwa pansi. Lachiwiri ngodya imodzi inalowa m'kati. Pofika lachinayi, mzere unawongoka. Patapita milungu ingapo, kalipentala wina wokhoma mipando m'mbali mwa msewu anaona ntchitoyo naitanitsa makhushoni a seti imodzi, kenako ina. Ndi ndalama imeneyo mayi anayamba kubweza ngongole ya ku banki m'khonde. Kuchoka apo tinamasula siketi ya pakaunjika, kenako bulauzi. Sindikunamizani kuti mlongo wanga walemera ayi. Kolala ya shati imamuvutabe, ndipo jekete la suti sanayerekeze n'komwe. Koma azakhali anabweranso ndi nsalu ina, ndipo ulendo uno diresi linakwana. Chimene miyezi 6 ya fizi inalephera, mapepala akale ndi tepi zinachita.

Tsono pempho langa likupita kwa anthu anayi. Kwa inu makolo ndi achibale amene mukulipirira mwana kwa telala, musangopereka ndalama n'kutembenuka. Funsani kuti mwezi woyamba aphunzira chiyani, nanga sizasi adzayamba kuigwira liti. Zilembedwe papepala, ndipo fizi muzipereka mwezi ndi mwezi, osati yonse pakamodzi. Pakutha pa mwezi uliwonse mwana abwere ndi chinthu chimene wayeza, wadula ndi kusoka yekha, ngakhale kakhale kapilo. Akabwera chimanjamanja miyezi iwiri, m'chotseniko.

Kwa inu madala athu a pakhonde, ulemu wanu. Palibe akukukakamizani kuphunzitsa, koma mukavomera, phunzitsani zenizeni. Mwana amene mwamuphunzitsa kudula ndi amene adzakuthandizeni maoda a mayunifolomu akachuluka mu Sepitembala, ndipo ndi amene adzakhale maso anu pamene anuwo ayamba kuchita chidima. Luso lanulo lijambuleni papepala likadalipo.

Kwa a bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndikupempha kabuku kotsika mtengo ka m'Chichewa ndi zilankhulo zina za kuno, kokhala ndi mapatani oyambira a siketi, bulauzi, shati, kabudula ndi yunifolomu ya sukulu, oyezedwa pa matupi a Amalawi. Achinyamata ambiri ophunzira kusoka sadzaponda pakhomo la koleji ya ntchito zamanja. Ali m'makonde ndi m'misika, ndipo kabuku kotere kangawapeze komweko.

Kwa inu anzanga ophunzira ndi a geni, tsegulani maso. Mu Febuluwale 2025 tinaona mavenda a kaunjika ku Lilongwe akuchita zionetsero podandaula kuti mabelo akwera mtengo mosaneneka. Chovala chakunja chikamadula, chosokedwa konkuno chimayamba kupezanso msika. Funso ndi lakuti, kodi msikawo ukatseguka udzapeza anthu odziwa kusoka malaya 50 ofanana ndendende, sayizi ndi sayizi? Sukulu kapena kampani yofuna mayunifolomu siifuna kumva kuti "diso langa linaona choncho." Imafuna kuti sayizi imodzi ikhale imodzi kuyambira malaya oyamba mpaka omaliza, ndipo zimenezi popanda patani sizitheka. Wina ali ndi mpamba, wina ali ndi masamu, wina ali ndi makina akungochita dzimbiri kuchipinda. Mukudikira chiyani?

Pomaliza, ndikudziwa kumene nyuzi ino imathera ikawerengedwa. Ena mukulungira usipa, ena muyatsira mbaula, ena kwinako sindinena. Ulendo uno tsamba linoli lisungeni. Liyaleni patebulo, tengani rula ndi pensulo, jambulani bokosi la masentimita 38 mbali zonse zinayi, ndipo ngati tsamba lachepa lumikizani ndi linzake. Pindani pangodya kuti muone ngati mbali zikukumana, kenako dulani. Imeneyo ndi patani yanu yoyamba. Mukapatse mwana uja amene wakhala miyezi akusokerera mabatani, pamodzi ndi chitenje chakale ndi sizasi, ndipo mumuuze kuti lero adule yekha.